Kodi MS ndi nthenda ya azungu okha?

Mabuku ambiri a zachipatala amaphunzitsa kuti multiple sclerosis (MS) ndi nthenda ya kumayiko ozizira ndipo anthu akuda siiwagwira kwenikweni. Chiphunzitsochi chinakula ndi kafukufuku wa Geoffrey Dean wa 1967 ku South Africa, yemwe anapeza odwala pakati pa azungu. Koma inali nthawi ya tsankho, pamene munthu wakuda sankafika kwa dokotala wa mitsempha. Lipoti la Atlas of MS la 2020, lomwe linati anthu 2.8 miliyoni ali ndi MS padziko lonse, lili ndi chilema chomwechi: mayiko ambiri a mu Africa sanapereke ziwerengero.

MS imayamba chitetezo cha m'thupi chikaukira myelin, chikuto cha mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana. Kafukufuku wa 2022 pa asilikali a ku America oposa 10 miliyoni anapeza kuti kachilombo ka Epstein-Barr kamakweza chiopsezo ka 32. Kachilomboka si kachilendo kuno. Ndi komwe kamakhudzidwa ndi khansa ya Burkitt mwa ana. N'zotheka kuti MS ndi yochepadi kwathu, koma njira ya McDonald ya 2017 yoitsimikizira imadalira MRI, makina omwe Malawi inayamba kukhala nawo mu 2008, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Tiyerekeze mayi wa zaka 30 wogulitsa tomato pa msika wa Lilongwe. Diso limodzi lachita chidima ndipo likuwawa akalitembenuza. Patapita milungu ingapo lachira lokha. Chaka chotsatira miyendo yachita dzanzi. Anzake apamsika akuti walodzedwa, ndipo wachipatala amene anaphunzira kuti MS kuno kulibe angomupatsa panado.

Woyeza ayambe ndi zofala zomwe zili ndi mankhwala: TB ya msana, HIV, chindoko, likodzo lofika mumsana ndi kuchepa kwa vitamini B12. Asathamangire prednisolone, chifukwa akhoza kukolezera TB yobisika. Zonsezi zikapanda kupezeka, zizindikiro n'kumabwerabwera, mayiyo atumizidwe ku Kamuzu Central Hospital ndi kalata yofotokoza nthawi ya chizindikiro chilichonse. Mankhwala ochepetsa kubwerera kwa nthendayi alipo: mu 2023 WHO inaika rituximab, cladribine ndi glatiramer acetate pa mndandanda wa mankhwala ofunikira.