Kodi Dzina Lakuti Chinyanja Lidachokera Kuti?

Munthu akamatsika mapiri a Dedza kudzera ku Golomoti amafika m'chigwa chotentha momwe muli Mua ndi Mtakataka, ndipo chakum'maŵa amaona nyanja ili ngwee. Anthu okhala m'mphepete mwa madzi otere ndiwo ankatchedwa Anyanja, ndipo kayankhulidwe kawo kadatchedwa Chinyanja. Choncho dzinali poyamba lidali la malo osati la mtundu, monganso Achipeta adatengera dzina lawo ku chipeta, udzu wautali wa kwawoko.

Olemba mabuku oyamba adatchula chiyankhulochi potengera anthu amene adakumana nawo. Johannes Rebmann adaphunzira mawu kwa Salimini, kapolo wochokera kuno amene adakumana naye kufupi ndi Mombasa, ndipo mtanthauziramawu wake wa 1877 adautcha wa Kiniassa. David Clement Scott wa ku Blantyre adatcha wake wa 1892 kuti wa Chimang'anja. Aliyense adagwira nthambi nayesa kuti wagwira mtengo wonse. Komabe dzina lakuti Chinyanja ndilo lidafala m'sukulu ndi m'matchalitchi kufikira 1968, pamene msonkhano wa chipani cha Malaŵi Congress udagamula kuti chiyankhulochi chizitchedwa Chicheŵa.

Alipo amene amati Chinyanja ndi kayankhulidwe chabe ka asodzi, ndipo Chicheŵa ndicho chenicheni. Ganizoli lili ndi pothera. Likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi, lidali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka. Tsono kunyanja sikungakhale kunja kwa mudzi. Chinanso, m'dera la Inkosi Kachindamoto muli Angoni ambiri amene chiyankhulo chawo cha tsiku ndi tsiku ndi chomwechi, chikhalirecho sali Acheŵa. Dzina la malo limawalandira onse, pamene dzina la mtundu limachititsa ena kudziona ngati alendo. Nchifukwa chake sizodabwitsa kuti ku Zambia ndi ku Mozambique dzina lakalelo lidakalipo.

Izi sizitanthauza kuti dzina lakuti Chicheŵa nlolakwika, pakuti Acheŵa ndiwo ochuluka mwa eni chiyankhulochi. Cholakwika ndi kuyesa dzina limodzi mwini nyumba, linalo kapolo. Wophunzira wodziŵa gwero la maina aŵiriŵa sangaseke mnzake wa kunyanja chifukwa cha katchulidwe kake, poti onse akumwa pa chitsime chimodzi.