Nthawi ndi Mwini Mawu M'nkhani za M'nyuzipepala za Pasukulu

Sukulu zambiri zasekondale zili ndi kanyuzipepala kamene ophunzira amalemba okha moyang'aniridwa ndi mphunzitsi wa chiyankhulo. Kwina kamasindikizidwa kamodzi pa teremu, kwina kamangokhala mapepala olembedwa pamanja omatidwa pabolodi la zidziwitso. Masamba ambiri amakhala a Chingerezi, ndipo Chichewa chimapatsidwa tsamba lakumapeto pamodzi ndi ndakatulo, zilapi ndi nthabwala. Pakapezeka nkhani yeniyeni ya zochitika pasukulu yolembedwa m'Chichewa, n'koyenera kuiwerenga mosamala, popeza ena mwa olembawo ndiwo adzakhale atolankhani.

Wowerenga masamba otere amaona msanga kuti mphunzitsi wadutsamo. Malembo a "l" ndi "r" ali m'malo mwake. "Ku" ndi "pa" aphatikizidwa ku mayina wamba ndi kupatulidwa ku mayina a malo. Zimenezi ndi zipatso za malamulo a kalembedwe amene Bungwe la Chichewa lidatulutsa mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, ndipo n'zoyamikika. Koma malamulowo adaikidwa kuti aongole maonekedwe a mawu papepala. Nkhani ya m'nyuzi imaima pa mafunso awiri amene malamulowo sayankha: chinthucho chachitika liti, nanga wanena ndani? Pamenepa ndi pamene nkhani za ophunzira zimagwera, ndipo cholembera chofiira sichifikapo.

Vuto la nthawi limayambira pa mutu wa nkhani. Mutu wonga wakuti "Mphepo isasula denga la kalasi" si wachilendo. Wolemba watengera chizolowezi cha mitu ya m'Chingerezi, imene imanena zinthu zochitika kale ngati kuti zikuchitika tsopano. M'Chichewa mneni wopanda mphatikiram'kati wa nthawi, monga "isasula", kawirikawiri amaloza zimene zichitike posachedwa. Munthu akati "mvula igwa" ndiye kuti akuyang'ana mitambo, nthaka ikadali youma. Motero mutuwo ukulosera m'malo mosimba. Chonsecho Chichewa chili ndi njira yakeyake, yachidulenso: "Mphepo yasasula denga". Mneni "yasasula" amanena zinthu ziwiri pakamodzi, kuti chinthucho chachitika ndiponso kuti zotsatira zake zikadalipo, ana akuphunzirabe pansi pa mtengo. Ngati padutsa nthawi ndipo denga lidakhomedwanso, mneni woyenera ndi "idasasula". Nyuzipepala zikuluzikulu nazonso zimalemba mitu ya mtundu woyambawo, ndipo ophunzira amangotsanzira. Koma kufala kwa chizolowezi sikuchotsa kusokoneza kwake.

Pali ena amene amaona ngati kusiyanitsa -na- ndi -da- ndi mkangano wa zigawo chabe, wotsalira kuchokera m'nthawi ya Dr Kamuzu Banda pamene -da- ndiye ankalimbikitsidwa m'mabuku. N'zoona kuti poyankhula anthu ambiri amagwiritsa ntchito -na- ponseponse ndipo amamvana bwinobwino. Amamvana chifukwa liwu limakwera pamalo osiyana: "anapita" wa lero m'mawa samveka chimodzimodzi ndi "anapita" wa chaka chatha. Papepala kukwera kwa liwu sikulembedwa. Wolemba amene asankha -da- pa zinthu za masiku apitawo, nasunga -na- pa za lero, amabwezera wowerenga chimene khutu likadamuuza.

Mawu monga "dzulo", "dzana" ndi "sabata yatha" ndi a nyuzi yotuluka kawirikawiri. M'kanyuzi kotuluka kamodzi pa teremu, dzulo la wolemba lingathe kukhala miyezi iwiri yapitayo kwa wowerenga. Mankhwala ake ndi kulemba tsiku ndi mwezi basi.

Funso lachiwiri ndilo lolemera, kaamba koti limakhudza mbiri ya anthu. Pasukulu yogonera pomwepo nkhani zokoka owerenga zimakhala za ufa wosowa kukhitchini, za ndalama za kalabu, za wophunzira amene wachotsedwa. Chiganizo chakuti "Wophika adaba matumba awiri a ufa" chagamula mlandu usadazengedwe. Ophunzira ochenjera amadziwa zimenezi, choncho amalemba kuti "Akuti wophika adaba matumba awiri a ufa", n'kumaganiza kuti adziteteza. Komatu "akuti" alibe mwini. Ndi mneni wa pachitsime ndi pamsika, amene amalola munthu kufalitsa mphekesera popanda womufunsa kumene waitenga. Chiganizo cha mtolankhani ndi chachitatu: "Aphunzitsi oyang'anira zogona adati matumba awiri a ufa asowa ndipo wophika mmodzi akufunsidwa." Apa wonena akudziwika, ndipo chonenedwacho sichikupyola pa zimene zadziwika. Chotsalira ndi kupita kwa wophikayo kukamva mawu ake. Nkhani zambiri za pasukulu siziyenda ulendo umenewu, ngakhale kuti khitchini ili pafupi kuposa ofesi ya aphunzitsi aakulu. Wophika mwina sadzaliwerenga n'komwe tsambalo, koma adzaona mmene ana akumuyang'anira pogawa chakudya.

Cholakwa china chimachokera m'kalasi momwemo. Pophunzira chimangirizo ana amauzidwa kuti kubwereza mawu amodzimodzi ndi umphawi wa chiyankhulo. Tsono polemba nkhani amathawa "adati" n'kumalemba "adaulula", "adavomera", "adadandaula", "adanenetsa", ngati kuti aneniwa ndi ofanana. "Adaulula" amatanthauza kuti chonenedwacho n'choona ndipo chinkabisidwa. "Adavomera" amasonyeza kuti munthuyo adali ndi mlandu woti ayankhe. Wophunzira amene walemba kuti msungichuma wa kalabu adaulula kuti ndalama zidathera pa mayendedwe wamuyesa mnzakeyo wakuba, pamene iye ankangofuna kukometsa chiganizo. "Adati" yekha ndiye sakondera, ndipo m'nkhani ya m'nyuzi angabwerezedwe kasanu popanda manyazi.

Pa ulemu, mwa apo ndi apo ophunzira amatchula dzina la mphunzitsi kapena la mfumu lopanda "a" waulemu, potsanzira nyuzi za Chingerezi. Pasukulu zimenezi zimamveka ngati chipongwe, ndipo "a" ameneyu sachotsa kanthu pa kuona kwa nkhani.

Mitengero nayo imafuna diso. Kawirikawiri mlendo wolemekezeka pa tsiku la mphoto amayankhula m'Chingerezi. Wophunzira amamasulira mawuwo yekha, n'kuwaika m'mitengero ngati kuti ndiwo adatuluka pakamwa pa mlendoyo. M'kumasulira kotereku ndi mmene mumabadwira ziganizo monga "mwambowu watenga malo pa nthawi yabwino" kapena "mphoto zawinidwa ndi atsikana", zimene Mchewa akadati "mwambowu wachitika pa nthawi yake" ndi "atsikana ndiwo atenga mphoto". Mlendo, amene mwina amayankhula Chichewa chabwino kwambiri kwawo, amapezeka kuti wapatsidwa Chichewa chopunduka chimene sadanene. Mitengero ndi lonjezo kwa wowerenga kuti mawu ali m'katimo ndi a mwiniwake, liwu ndi liwu. Ngati mawuwo adutsa m'kumasulira kwa wophunzira, mitengero ichoke, ndipo chiganizo chiyambe ndi "Mlendoyo adati".