Buku Lonena za Nzama ndi Mua

M'caka ca 1901 ansembe atatu Acikatolika a gulu la Montfort anafika pa Nzama, m'boma la Ncheu, kwa mfumu Njobvuyalema. Maina ao ndiwo Bourget, Prezeau ndi Winnen. Mbiri ya mishoni imeneyi, ndi ya Mua imene inayamba m'caka ca 1902, ipezeka m'buku la Ian Linden ndi Jane Linden lochedwa Catholics, Peasants and Chewa Resistance in Nyasaland, losindikizidwa m'caka ca 1974.

Ubwino wa bukuli ndi uwu: lionetsa kuti cinthu cimodzi cikhala ndi matanthauzo osiyana kwa anthu osiyana. Kwa ansembe, sukulu inali khomo lolowera mu Mpingo. Koma iwo anafika pa Nzama patangopita zaka 5 kucokera pamene Boma la Azungu linapha Inkosi Gomani Cikuse m'caka ca 1896. Mfumu ya Angoni yolandira alendo pa nthawi yotere siikanaleka kuganizira za citetezo ca anthu ace. Motero mishoni inali nkhani ya cikhulupiriro, inalinso nkhani ya ulamuliro.

Ku Mua nkhondo yace inali ya ansembe ndi nyau. Ansembe analalikira m'chalichi, Acewa nayankha pa bwalo. M'gule wao muli Maliya, ndi Simoni wa nkhope yofiira ngati ya Mzungu. Dzina lochulidwa ndi ulemu m'pemphero linabvinidwa pamaso pa mudzi wonse. Bukuli liti nyau inali njira ya Acewa yokanira mphamvu ya alendo.

Koma bukuli liri ndi cilema. Mboni zace zambiri ndizo zolemba za ansembe ndi makalata a Boma. Olembawo anafunsanso akuluakulu a m'midzi, komabe mau olembedwa amveka koposa mau a pakamwa, ndipo mau a amai ndi ocepa. Ndiponso liri m'Cingerezi, kotero kuti zidzukulu zambiri za anthu a m'nkhaniyo sizingaliwerenge.

Mfumu yanzeru siweruza mlandu itamva mbali imodzi. Munthu amene waphunzira kuwerenga atakula, pogwira buku kapena nyuzipepa ayenera kufunsa kuti, "Analemba ndani? Nanga amene sanafunsidwe ndani?" Akatero atenge pensulo, nalembe zimene agogo a kwao akumbukira, zisanapite nao kumanda.