Mulimo angati m'menemu? Za eko, Amanaz ndi masitudiyo a m'komboni

Chaka chatha ndinajambula ndakatulo yokumbukira agogo anga aamuna, amene anachoka ku Katete ali mnyamata kudzagwira ntchito mu mgodi wa Nkana. Situdiyo yake mukuidziwa, ngakhale simunafikeko: kachipinda kuseri kwa nyumba ku Chimwemwe, makoma omata matireyi a mazira, laputopu patebulo, mayiki itavekedwa sokosi. Nditamaliza kulakatula, mnyamata wojambula anapukusa mutu. "Mudala, mawu ako auma. Tiwathire madzi pang'ono." Anatembenuza apa ndi apo, ndipo mwadzidzidzi mawu anga anakula, nayamba kubwerera katatukatatu ngati ndikulalikira mu sitediyamu ya Levy Mwanawasa. Ndinakondwa kwambiri. Madzulo ndinapita nayo kwa agogo aakazi ku Wusakile, ndi kuwaikira foni pakhutu. Anamvera mphindi imodzi, kenaka anandibwezera.

"Iwe, mulimo angati m'menemu? Winayo amene akukutsanzira ndani? Muuze akhale chete ndimve za amuna anga."

Funso la agogo landivutitsa miyezi yambiri, ndipo ndi limene linandibweza ku chimbale china cha kuno ku Kopala chimene chinatuluka makolo anga akadali ana. Dzina lake ndi Africa, cha gulu la Amanaz la ku Kitwe, cha mu 1975. Oimba anali Keith Kabwe, Isaac Mpofu, John Kanyepa, Jerry Mausala ndi Watson Lungu. Anakachijambula ku Chingola, mu Malachite Film Studios, ndipo amene anachitulutsa ndi Zambia Music Parlour, kampani ya Edward Khuzwayo ya ku Ndola. Chodabwitsa cha chimbalechi ndi chakuti chinatuluka pawiri. Nyimbo ndi zomwezo, oimba ndi omwewo, koma kasakanizidwe ka mawu nkosiyana. China nchouma: mawu a woimba ndi ng'oma zili patsogolo, pafupi ndi khutu. China nchonyowa, chodzaza reverb: woimba ndi ng'oma zabwerera kumbuyo ngati zalowa m'nkhungu, gitala ndiye wakwera pamwamba. Mu 2015 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso zonse ziwiri pamodzi, kotero lero aliyense amene ali ndi bando angathe kuzimvera motsatizana. Sindidziwa sukulu ina ya makutu yoposa imeneyi.

Tisanakangane za chimene chili bwino, tisiyanitse zinthu ziwiri zimene m'komboni timangozitcha eko. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Ukafuula khoma lili pamtunda wa mamita 17, mawu amapita ndi kubwera patatha gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndipo khutu limawamva ngati munthu wachiwiri akukuyankha. Imeneyo ndiyo eko, ndipo makina akaipanga timati delay. Koma ukayankhula m'tchalitchi chopanda anthu, kapena kulowetsa mutu mu dilamu, mawu amagunda mbali zonse ndi kubwera ambirimbiri mothinana, osawerengeka, nangokhala mchira wautali. Imeneyo ndiyo reverb. Eko imabwereza zimene wanena. Reverb imauza womvera kukula kwa chipinda chimene waimamo, ngakhale chipindacho chikhale chabodza.

Delay inabadwira mu tepi. Makina a tepi ali ndi mutu wolemba ndi mutu wowerenga, ndipo pakati pawo pali kampata. Tinene kuti kampatako ndi masentimita 5, tepi ikuthamanga masentimita 38 pa sekondi: mawu olembedwa amafika pa mutu wowerenga mochedwa ndi masekondi 0.13. Ukawasakaniza ndi mawu enieni, wapeza eko. Ukawabwezanso ku mutu wolemba, amabwera kachiwiri, kachitatu, nthawi iliyonse atafooka ndi kuzimiririka pang'ono, chifukwa tepi imadya mawu osongoka nthawi zonse ikakopera. Sam Phillips wa ku Sun Studio mu mzinda wa Memphis anagwiritsa ntchito makina awiri a Ampex mwa njira yotere, ndipo kambama kamodzi kofulumira kamene kamamveka kumbuyo kwa mawu a Elvis Presley mu 1954 kanachokera pamenepo. Kenaka anthu anaika nzeru yomweyo m'timabokosi tonyamula kumanja: Copicat ya Charlie Watkins ku England, Echoplex ku America, Binson Echorec ku Italy imene Pink Floyd anaikonda, ndipo mu 1974 Roland ya ku Japan inatulutsa Space Echo. Reverb yopanga inali ndi njira zake. Mu 1957 kampani ya EMT ya ku Germany inayamba kugulitsa chitsulo chachikulu chopyapyala chimene chinkanjenjemera ndi mawu, ndipo ma amp a gitala a Fender anayamba kubwera ndi timasipuling'i mkati. Ukamenya amp yotere ndi phazi imalira ngati bingu.

Amene anatenga eko nkuisandutsa chida choimbira ndi a ku Jamaica. King Tubby ndi Lee "Scratch" Perry ankatenga nyimbo yojambula kale, nkuchotsa woimba, nkusiya liwu limodzi lokha kuti ligubuduzike pamwamba pa bezi ndi ng'oma. Chimene anyamata athu saona mu dub ndi ichi: eko ya Tubby imamveka chifukwa wayamba wachotsa zinthu. Amapanga malo opanda kanthu, kenaka nkuponyamo mwala umodzi. Ife timadzaza dengu mpaka pakamwa, nkuthiranso eko pamwamba.

Komanso sitinafunikire kudikira Jamaica kapena London. Congo ili pakhomo pathu, ndipo agogo athu ankavina rumba m'mabala a migodi gitala wa Docteur Nico akulira ndi mchira wake wautali. Makutu a Kopala anazolowera gitala wonyowa kalekale. Pamene Zamrock inkabadwa, anyamata a WITCH ku Chamboli ndi anzawo ankamvera Jimi Hendrix ndi Rolling Stones khutu limodzi, khutu lina lili ku Kinshasa ndi ku nyimbo za kumudzi. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, fakitale ya Teal ku Ndola inkadinda zimbale, ndipo ogwira ntchito m'migodi anali ndi ndalama zogulira. Africa inatuluka pa nthawi imeneyo, mtengo wa mkuwa utangoyamba kugwa.

Tsopano ku mlandu. Anzanga ambiri amene ndawamvetsera zimbale ziwirizi amasankha chonyowa msangamsanga. Amati chikumveka chodula, chikumveka cha kunja. Ndikuwamvetsa, ndipo pa nyimbo zina ndili nawo. Tengani History of Man. Gitala wake ndi wa fuzz, wokhakhala ngati msumeno pa malata, ndipo nyimboyo imayendera mphamvu ya gitalayo. M'chimbale chonyowa gitala amapeza bwalo lalikulu lothamangamo, ndipo woimba akabwerera kumbuyo sitidandaula kwambiri, popeza amene akulankhula kwenikweni ndi zingwe. Apo reverb yagwira ntchito.

Koma pa Khala My Friend ndimakana. Iyi ndi nyimbo yofatsa, ya munthu amene akuitana mnzake wopita kutali kuti abwerere. Kwa ife a Chinyanja, okulira pakati pa Chibemba, liwu loyamba la mutu wake limatigwira mwa njira yathuyathu: limamveka ngati pempho lakuti usapite. Pempho lotere salifuulira paphiri. Amalinena atakhala pa mpando umodzi ndi iwe, bondo likukhudza bondo. M'chimbale chouma woimbayo ali pompo, mawu ake osavala kanthu, ndipo kusalala kwake ndi kupereweza kwake zonse zili poyera. Umamva munthu. M'chimbale chonyowa nyimbo ndi yokomabe, mwina kuposa, koma woimbayo wasunthidwa, waima kutsidya kwa mtsinje. Tanthauzo latembenuka: poyamba amene anali kutali ndi mnzake uja, tsopano wakutali ndi woitanayo. Wina anganene kuti kumeneko ndiye kuzama, kuti chisoni chimamveka bwino chikachokera patali. Ine ndimaona kuti chisoni chotere nchosavuta kumvera. Sichikukakamiza kuyankha. Ungachiike kumbuyo uku ukuchapa.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi mawu akuti psychedelic, amene olemba akunja amakonda kumata pa Zamrock yense. Mawuwa si abodza, koma amakokera khutu ku utsi ndi nkhungu, nkuiwalitsa kuti anyamatawa ankanena zinthu. Pa Africa pali nyimbo za Chibemba, monga Kale ndi Nsunka Lwendo. Kwa munthu wa ku Los Angeles amene samva Chibemba, mawu a woimba ndi chida china chabe, ndipo akamira mu reverb palibe chimene wataya. Kwa munthu wa ku Buchi kapena ku Chifubu, chataika ndi nkhani. Travis Scott anatenga chidutswa cha Nsunka Lwendo mu Sirens ya mu 2023, ndipo Tyler, the Creator anatenga Nizakupanga Ngozi ya Ngozi Family mu Noid ya mu 2024. Ndinanyadira ngati wina aliyense. Koma sample nayonso ndi mtundu wa eko: imabweza mawu patatha zaka makumi anayi ndi kuposa, kamvekedwe kali komweko, nkhani itatsala m'njira. Ngati ife eni ake sitisunga mbali ya nkhaniyo, palibe wina amene ali ndi chifukwa choisungira.

Kunena zoona, eko ya masiku ano sitinaiphunzire kwa Amanaz kapena kwa Tubby. Tinaiphunzira ku tchalitchi. Mikisa iliyonse yotchipa ili ndi kabatani kolembedwa echo, ndipo mnyamata wa zokuzira mawu amakapotokola mpaka kumapeto, chifukwa mlaliki akamveka kanayi amamveka wodzozedwa. Kuchokera pamenepo yalowa m'misonkhano ya ndale, pa maukwati, kwa ogulitsa mankhwala a makoswe ku Chisokone, ngakhale pa maliro. Ndinakhalapo pa maliro ena ku Masala pamene wowerenga mbiri ya malemu anatchula mayina a ana asanu ndi mmodzi, ndipo palibe amene anamva ngakhale limodzi. Tinakula tikudziwa kuti munthu wofunika amamveka kambirimbiri. Nchifukwa chake ndinakondwa tsiku lija ku Chimwemwe. Eko inandipatsa ukulu umene ndakatulo yanga inali isanaugwirire ntchito.

Kale chinthuchi chinali chodula. Tepi inkatha, mitu inkafuna kupukuta, bokosi linali limodzi, ndipo wojambula ankayenera kusankha kuti alipereke kwa gitala kapena kwa woimba. Lero mu FL Studio ungatsegule Fruity Delay makumi awiri osalipira ngwee. Sindikulira za kale. Ndimakonda kuti mwana wa ku Kwacha angapange nyimbo pa laputopu yobwereka. Koma delay ya pakompyuta, ukapanda kuiuza, imabweza mawu ali athunthu, osafooka ngati a pa tepi, ndipo amalimbana ndi mawu otsatira. Zinenero zathu zimavulala msanga pamenepa. Chinyanja ndi Chibemba zimanyamula tanthauzo m'timaphatikizo tating'ono: ndinapita, ndidzapita ndi sindinapite zimasiyana pa timawu tofulumira ta kutsogolo, ndipo pomwepo ndi pamene eko ya liwu lapitalo imagwera. Rapa amene wakhala usiku wonse kusula mizere yake amalola kabatani kamodzi kumudyera theka la ntchito. Mverani Chef 187 pamene akuthamanga ndi Chibemba chake: nthabwala zake zimafika chifukwa liwu lililonse limamveka.

Masamu ake si ovuta. Gawani 60,000 ndi liwiro la nyimbo. Ngati nyimbo ikuyenda pa 100, kugunda kumodzi ndi mamilisekondi 600, theka lake 300. Delay yoikidwa pa manambala amenewo imagwera pamodzi ndi ng'oma m'malo mopunthwitsa woimba. Dulani mawu osongoka a eko kuti ikhale kumbuyo monga inkachitira tepi. Ndipo itsegulireni pa liwu lomaliza la mzere, pamene woimba akupuma, osati pa mzere wonse. Wojambula wanga zonsezi ankazidziwa bwino kuposa ine. Nditamufunsa chifukwa chake sanachite choncho, anaseka. "Makasitomala safuna. Ukawapatsa youma amati sunagwire ntchito."

Ndinabwererako Loweruka lotsatira ndi K50 ina. Tinachotsa zonse. Mawu anga anatsala okha, ndipo ndinamva malo awiri pamene ndinameza malovu, ndi mzere umodzi umene unali wopanda kanthu, wongokoma pakamwa; eko inali itaubisa. Mzerewo ndinaufufuta. Delay tinaisiya pa liwu limodzi lokha, lomalizira ndakatulo, dzina la Katete, kuti libwerere kawiri nkuzima.

Agogo anamvera mpaka kumapeto, foni ili pakhutu, maso ali pansi. Anaitanitsa kuti ndiibwereze. Itatha kachiwiri anandiyang'ana.

"Apo ndamva. Koma sanabwere pa sitima iyayi, anakunamiza ndani? Anabwera pa lole, atakhalira matumba a nyemba. Ukakonze."