Misa m'maso mwa mwana wa Reformada

Ndinakulira mu mpingo wa Reformada, komwe ulaliki ndiye nsima ya mapemphero. Alamu anga atanditengera ku Misa ku Fonte Boa, kwa ansembe a Ciyezuiti, ndinasokonezeka: anzanga akagwada, ine ndaima; akaima, ine ndakhala. Ulaliki unandicepera. Kwathu abusa akanakhala akungoyamba kumene. Koma wansembe atakweza mkate, belu n'kulira, nyumba yonse inangoti zii. Bata lotere ife tilibe. Timakhala ngati tikatseka pakamwa Mulungu aticokera. Pa Ukaristia ndinatsala ndekha pampando, poti lamulo lawo silindilola. Zinandiwawa, koma kwa eni kulibe mkuwe. Abale anga, Mawu a Mulungu timawalalika bwino. Tiphunzireko kukhala cete kuti tiwamve.