Mzere umodzi m'buku la ubatizo

Ansembe a chipani cha Montfort adatsegula mishoni ya Neno mu 1906, ndipo Neno adali mbali ya boma la Mwanza mpaka 2003. M'mabanja ambiri a Chikatolika a dera lino, dzina la agogo aakazi lidayamba kulembedwa m'buku la ubatizo. Boma lidabwera mochedwa: lamulo la kalembera wa nzika ndi la 2010, ndipo kalembera wa ziphaso adafika m'midzi mu 2017. Ku England matchalitchi adalamulidwa kusunga mabuku otere mu 1538, n'chifukwa chake mdzukulu wa mayi wakumudzi kumeneko amalondola makolo ake mibadwo yambirimbiri. Ife tili ndi mzere umodzi basi, ndiye tiuwerenge mofatsa.

Mzerewo umakhala ndi dzina la wobatizidwa, bambo, mayi, mudzi, tsiku lobadwa, tsiku la ubatizo, kholo la ubatizo ndi wansembe.

Dzina loyambalo ndi la woyera mtima, Maria kapena Anastazia. Lija ankamuitana nalo pamtondo, kapena lomwe adapatsidwa kuchinamwali, kawirikawiri silioneka. Ukapita kumudzi ndi dzina la m'buku, okalamba amangopukusa mitu. Ukati Nangozo, make uje, pamenepo nkhani imayamba kutuluka. Tsiku lobadwa nalo usalikhulupirire kwambiri ngati munthuyo adabatizidwa ali wamkulu, poti wansembe ankangomuyang'ana n'kuyerekeza zaka.

Pomwe bukuli limasocheretsa kwenikweni ndi pa bambo. Lidakonzedwa ku Ulaya, kumene dzina ndi chuma zinkadzera kuchimuna, choncho bambo ali patsogolo, mayi pambuyo. Kuno mwamuna ankabwera chikamwini, kudzamanga pamudzi pa mkazi. Banja likatha ankapinda mkeka wake n'kubwerera kwawo. Wina ankapita ku Salisbury kapena ku Joni n'kutchona komweko. Ana, munda ndi manda zinkatsala kuchikazi. Malume, mwini mbumba, yemwe ankayankha mlandu wa mwanayo ndi kumupezera ankhoswe, alibe danga m'bukuli ngakhale pang'ono. Wotsata dzina la bambo amathera pamudzi pa eni ake, pomwe agogo akewo mwina sadagonepo n'komwe.

Tsono diso lipite pa mudzi. Dzina la mudzi ndi dzina la nyakwawa, ndipo midzi imagawikana, ina imasamuka. Kwa Kanduku kapena kwa Nthache ungamve kuti pamalo ukufunsapo pali bwinja lokhalokha, anthu adatsikira kumtsinje kalekale. Malire amene Britain ndi Portugal adagwirizana mu 1891 adadutsa pakati pa abale, moti mudzi wa m'bukuwo ukhoza kukhala kuseri kwa Zobue, m'chigawo cha Tete. Nkhondo ya ku Mozambique, yomwe idatha mu 1992, idawolotsanso anthu ambiri kudzakhala mbali ino.

Danga lomwe ndimalikonda ndi la kholo la ubatizo, ngakhale ambiri amalidumpha. Mtsikana ankaimiridwa ndi mkazi mnzake, ndipo pamudzi wa chikamwini akazi oyandikana amakhala a bere limodzi: mayi aang'ono, mkulu wake, mwana wa mayi aakulu. Ukalitsata dzina limenelo tsamba ndi tsamba, n'kuona ana onse amene lidawaimirira, mbumba ija idasowa danga imayamba kuonekera yokha. Cham'mphepete mwa tsamba wansembe amawonjezanso za ukwati, ndipo timawu timeneto tingakulozere ku parishi ina.

Koma alipo amayi omwe sadzapezeka pamzere wawowawo. Wokwatiwa pamitala sankaloledwa ubatizo, ena mpaka ali kayakaya pamphasa. Iwowa amangotchulidwa m'danga lachitatu lija, ngati mayi wa mwana wobatizidwa, mwina ndi mfunda wokha, Naphiri, dzina lomwe akazi ambirimbiri a dera lomwelo ankayankhira.