Nkhoswe Yopanda Woifunsa

Anzanga a m'bwalo lino, timatha maola tikusanthula ndakatulo, koma mau a atsogoleri andale timangowasiya adutse ngati mphepo. Ine ndikuti nawonso tiziwaika pamphasa ndi kuwaunika, pakuti liu limodzi losankhidwa bwino limagwira ntchito imene apolisi zana sangaithe.

Taonani liu lakuti nkhoswe. Kwa Achewa, nkhoswe ndi mwamuna amene amayang'anira mbumba yake, ndiye kuti alongo ake ndi ana awo. Amawaimira pa ukwati, pa mlandu ndi pa maliro. Dr H. Kamuzu Banda anatenga liu limeneli nadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, ndipo amayi onse a m'Malaŵi anasanduka mbumba yake, ovala nsalu za nkhope yake ndi kumuvinira pamisonkhano.

Luso lake linali apa. Liulo silinabwere chimanjamanja. Linasenza ulemu umene mwana aliyense amayamwira kubere. Munthu angathe kutsutsa pulezidenti, koma malume ako ungawatsutse bwanji pagulu? Motero nkhani ya boma inasanduka nkhani ya m'banja, ndipo wofunsa funso ankaoneka ngati mwana wopanda mwambo.

Komatu liulo analidula pakati. Kumudzi nkhoswe imafunsidwa, ndipo ikalakwa akuluakulu amaikhazika pansi. Mbali imeneyi inatsala kumudzi komweko. Mu 1971 nkhosweyo inakhala Pulezidenti Wamuyaya.

Amene anasemphana naye anapatsidwanso liu lawo. Nduna za mu 1964, monga Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, zinatchedwa zigaŵenga. Chigaŵenga sachifunsa chimene chikudandaula, amangochipirikitsa. Dzinalo linagamula mlandu anthu asanaumve.

Sindikunena kuti anthu anali opusa. Mantha analipo, ndende zinalipo. Koma mau ameneŵa ndiwo anaveka manthawo malaya a mwambo, kotero kuti kukhala chete kunkaoneka ngati ulemu. Pa 14 June 1993 malayawo anang'ambika, anthu ambiri atasankha nyali ya zipani zambiri m'malo mwa tambala wakuda.

Chizoloŵezi chobwereka mau a kumudzi sichinathere pomwepo. Nchifukwa chake ndikuti ife ophunzira za chiyankhulo, tikamva mtsogoleri akudzitcha tate kapena mbusa, tisathamangire kuwomba m'manja. Tiyambe tafunsa: kodi ndi mbali iti ya liuli imene waisiya kumudzi?